Kutha kwa Sewero la Amos 'n' Andy

Pa 25 November 1960 wailesi ya CBS m'dziko la Amereka inaulutsa komaliza sewero loseketsa lochedwa Amos 'n' Andy. Seweroli linali litamveka zaka 32. Anthu ambiri anadandaula monga ngati wawacokera mnansi wokhala naye kalekale. Koma panali enanso amene anaona kuti lacedwa kutha. Mlandu wotere sauweruza atamva mbali imodzi.

Seweroli linayamba m'caka ca 1928 mu mzinda wa Chicago. Nkhani yace inali ya anthu akuda awiri, Amos Jones ndi Andy Brown, amene anasiya munda kufupi ndi Atlanta napita kumpoto kukafuna nchito. Kumeneko anagula galimoto lakutha nayamba kunyamula anthu. Amos anali wakhama ndi woona mtima. Andy anali waulesi, wodzitama, wokonda mau akuluakulu amene sanali kudziwa tanthauzo lace. Pambuyo pace panafika Kingfish, mkulu wa bungwe lao, munthu wa pakamwa pozuna, amene tsiku ndi tsiku anali kufuna njira yodyera ndalama za Andy.

Luso la olemba ace silingakanidwe. Madzulo ali onse sewero linali kutenga mphindi 15 zokha, ndipo linali kulekeza pamene mtima wa womvera uli m'mwamba, kuti mawa achere khutu ndithu. Mu 1929 linayamba kumveka m'dziko lonse pa wailesi ya NBC, ndipo nyumba zina za kanema zinali kuimitsa cithunzi nthawi yace ikakwana kuti anthu amve Amos ndi Andy. Caka comweco cuma ca Amereka cinagwa ndipo anthu osawerengeka anacotsedwa nchito. Munthu wopanda ndalama anali kumva anzace awiri opanda ndalama alikulimbana ndi ngongole, naseka, mtima nukhalako pansi. Pa Khrisimasi Amos anali kufotokozera mwana wace wamkazi Pemphero la Ambuye mau ndi mau, ndipo gawo limeneli analicita mwaulemu.

Tsono cobvuta ndi ici. Amene anali kulemba ndi kulankhula mau a Amos ndi Andy anali Azungu awiri, Freeman Gosden ndi Charles Correll. Iwo anali kutsanzira kalankhulidwe ka anthu akuda, nakapotoza kuti kaseketse. Wailesi ilibe nkhope, motero cinthuci cinali kuiwalika msanga. Koma mu 1930, pamene anacita cithunzi ca kanema, anadzipaka zakuda kumaso, monga anali kucitira ocita masewero onyoza anthu akuda kuyambira masiku a ukapolo.

Nthabwala pa yokha si coipa. Munthu ndi msuwani wace amanyozana pabwalo anthu naseka, popeza onse awiri ali ndi pakamwa, ndipo wonyozedwa lero adzabwezera mawa. M'seweroli wosekedwa analibe pobwezera. Azungu ambiri a m'midzi yakutali sanakhalepo pansi ndi munthu wakuda kuceza naye, ndipo zimene anamva pa wailesi anaziyesa zoona za mtundu wonse. Nthawi imeneyo munthu wakuda kumwera kwa dzikolo anali kuletsedwa kuponya voti, ndipo mwana wace sanali kuloledwa m'sukulu ya Azungu. Kunena madzulo ali onse kuti munthu wotere ndi mbuli yoseketsa kunali kuthira nkhuni pa moto woyaka kale.

Anthu akuda eni ace sanabvomerezane. Mu 1931 nyuzipepala yao ya Pittsburgh Courier inasonkhanitsa maina a anthu ofuna kuti sewero liletsedwe, pamene Chicago Defender, nayonso ya anthu akuda, inali kuliyamika. Ambiri anali kulimvera m'nyumba zao naseka, pozindikira Kingfish wina wa pa mseu wao.

Mu 1943 sewero linasanduka la theka la ora kamodzi pa mlungu. Apa ndipo linayamba kuonongeka. Amos, munthu wanzeru uja, anayamba kumveka pang'ono, ndipo bwalo linatsalira Andy wopusitsidwa ndi Kingfish wonyenga. Mu 1951 CBS inalitengera pa wailesi ya kanema, ndipo popeza tsopano nkhope zinali kuoneka, inalemba anthu akuda enieni: Alvin Childress, Spencer Williams ndi Tim Moore. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linatsutsa kolimba, ndipo mu 1953 sewero la pa kanemalo linaimitsidwa. Zithunzi zace zakale zinaonetsedwabe kufikira 1966. Bungwelo linanena zoona, koma amene analipira mtengo anali amuna atatu aja ndi anzao, akatswiri amene nchito yotere sinali kupezeka kawirikawiri kwa munthu wa khungu lao.

Sewero la pa wailesi silinaphedwe ndi madandaulo. Omvera anali atasamukira ku kanema, ndipo amalonda olipira wailesi anawatsata. M'zaka zace zomaliza Gosden ndi Correll anali kungoyimbitsa nyimbo za m'mbale, nalankhulako pang'ono pakati pace m'mau a Amos ndi Andy.