Mabuku a Mbiri ya Abusa Athu: Tiwaike pa Muyeso

Inu okhala m'mbali mwa nyanja mudziwa macitidwe a pa Mbenji. Pamene cilumba catsegulidwa mvula itatha, asodzi aoloka kucokera ku Cikombe kukapha utaka. Nsomba zikafika kumtunda zimachedwa ndi dzina la mwini khoka. Koma alovi amene anapalasa usiku wonse, manja ao natupa ndi zingwe, palibe awachula. Powerenga mabuku a mbiri ya Misyoni ndapeza kuti ambiri analembedwa mwa mwambo womwewo, ndipo ndifuna kuti tiwayese pamodzi.

Tiyambe ndi zabwino zace, pakuti wosayamika ali ngati wodya pa mbale naiswa. Popanda mabuku awa tikadaiwala kuti A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, pa 28 November 1889; kuti Nkhoma inayamba mu 1896; ndi kuti William Murray, amene anafika mu 1894, anatsogolera nchito yomasulira Buku Lopatulika, imene yambiri inacitikira pa kaphiri ka Kaso, kufikira bukulo linasindikizidwa mu 1922. M. W. Retief analemba moyo wa William Murray, buku limene linaturuka m'Cingelezi mu 1958. Ndipo Martin Pauw mu 1980 anasonkhanitsa mbiri ya Sinodi ya Nkhoma kuyambira 1889 kufikira 1962. Nchito zimenezi nzolemera, ndipo anthu amene zinena za iwo anapirira malungo ndi imfa cifukwa ca Uthenga Wabwino. Asawapeputse munthu.

Koma colakwa coyamba ca mbiri zambiri za amisyoni ndi ici: Mzungu aoneka ndi dzina lace, kwao, mkazi wace ndi caka cimene anafika, mwini dziko aoneka monga khamu. Katundu wa Misyoni ankatsika m'sitima pa dooko la Domira, pafupi ndi ife pano. Anamsenza ndani pamutu kukwera mapiri kufikira ku Mvera? Anaumba njerwa ndani? Ndani anakhala m'midzi yakutali ndi bolodi ndi belu, nalimbana ndi kukaika kwa akuru, mmisyoni atabwerera kwace? Ambiri a ife tinamva Mau poyamba m'kamwa mwa mphunzitsi wa pamudzi, ndiye amene mabuku angomwerenga pamodzi ndi sukulu, osamuchula. Ndiponso mabuku akuru ali m'Cingelezi ndi m'cinenero ca Maburu, kotero kuti adzukulu a amtengatenga aja sangathe kuwatsegula ndi kunena, Apa mwalakwa.

Colakwa caciwiri ndico kuyenda mofulumira pamene pali minga. Taonani zaka izi. Ku Blantyre Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911. Ku Livingstonia Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya anadzozedwa mu 1914. Kwa ife a Nkhoma kudzoza abusa a m'dziko muno kunayamba mu 1925, ndipo oyambawo ndiwo Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza. Kucokera 1889 zinapita zaka 36. Ena anena kuti kunali kucenjera, kuti cipatso cisacheredwe cacisi. Ndipo m'mau amenewa muli zoona zina, pakuti ubusa si cinthu cothamangira. Koma Mpingo umene unatuma amisyoniwa unacokera ku South Africa, kumene Akristu anapatulidwa m'mapemphero monga mwa khungu lao. Wolemba mbiri woona ayenera kuika zinthu ziwirizi poyera, kuti wowerenga aweruze yekha. Kuphimba cironda ndi nsaru yoyera sikuciza.

Pamenepa mpamene tiona mtengo wace wa alembi athu. Matecheta analemba za ciyambi ca Blantyre m'Cinyanja, buku la 1951, monga munthu amene anaona ndi maso. Samuel Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma, analemba moyo wa Namon Katengeza, umene unaturuka mu 1964. Ndipo kale analemba za Msyamboza, mfumu ya pa Cibanzi kufupi ndi Kongwe, buku limene Cullen Young analimasulira m'Cingelezi mu 1949. Kwa ine Msyamboza ndilo likhalitsa mu mtima, cifukwa mfumuyo ioneka munthu wamphumphu, mlenje, wamalonda ndi mlimi wa nzeru, asanabatizidwe. Ntara sanayese kuti munthu ayamba kukhala ndi mutu tsiku limene aona Mzungu. Cisomo cinapeza munthu wa nchito, nicimtembenuza.

Komabe alembi athu ali nayo mbuna yao, ndiyo ulemu wopitirira. Ife tinaleredwa kuti mkuru sanenedwa, makamaka atagona. Tsono mbiri ya mbusa isanduka ngati mau a pamaliro, wosakwiya konse, wosakaika konse, wosagwa konse. Mnyamata wowerenga zotere ataya mtima, nati njira iyi nja angelo. Kodi Buku Lopatulika licita cotero? Silibisa cimo la Davide, kapena kukana kwa Petro, kapena kupsetsana mtima kwa Paulo ndi Barnaba cifukwa ca Marko. Ndipo Paulo pomariza kalata wace kwa Aroma achula anchito anzace mmodzi mmodzi, akazi ndi amuna, kuyambira Febe. Muyeso wathu ndi umenewo: maina onse, ndi zoona zonse, zonenedwa m'cikondi.

Tsono nchito yatsalira ife. M'mipingo yathu ya kuno ku Salima mukali agogo amene akumbukira mphunzitsi woyamba wa mudzi wao, ndi amai a Cigwirizano amene anasunga mpingo pa nthawi ya njala. Akuru a mpingo atume mwana wodziwa kulemba, akhale pa mphasa ndi agogowo, alembe maina, midzi ndi zaka, zokoma ndi zowawa zomwe, ndi kusunga bukulo pamodzi ndi kaundula wa ubatizo. Citani ici caka cino, pakuti nkhalamba siidikira cilimwe cina.