Cithunzi Cokongola Si Nyumba

Inu acinyamata, kodi munaonapo cikwangwani pamalo omangapo, cosonyeza nyumba yonyezimira ndi mitengo yobiriwira, pamene pansi pali dothi lokhalokha? Zithunzi zambiri zotere zimapangidwa ndi zida zocokera ku masewera a pa kompyuta. Unreal Engine, imene kampani ya Epic Games inapangira masewera ochedwa Unreal a mu 1998, lero ndi cida ca akatswiri olemba mapulani a nyumba. Mu 2019 kampaniyo inagulanso Twinmotion, pulogalamu yojambulira nyumba.

Ubwino wake ulipo. Kale kompyuta inali kutenga maola ambiri kuti itsirize cithunzi cimodzi. Tsopano mwini nyumba angathe kuyenda m'zipinda zake pa kompyuta ndi kuona kumene dzuwa lidzalowera, njerwa isanaikidwe ndi imodzi yomwe. Ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga pulani angathe kunenapo maganizo ake.

Koma tamvani nkhani ya chalichi ca Notre-Dame ku Paris. Citapsa ndi moto pa 15 April 2019, mbiri inamveka yakuti masewera a Assassin's Creed Unity, amene kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2014, adzathandiza pocimanganso, popeza chalichico cimaoneka bwino kwambiri m'menemo. Sizinatero ai. Opanga masewerawo anasintha zina kuti wosewera azikwera makoma mosavuta. Anaikamonso nsanja yosongoka ya Viollet-le-Duc, imene inamangidwa ca m'ma 1859, ngakhale kuti nkhani ya masewerawo ndi ya m'ma 1789. Amisiri anadalira mapulani akale ndi miyeso ya laser, ndipo chalichico cinatsegulidwanso mu December 2024.

Mwaiona mfundo yake? Cithunzi ca masewera cimapangidwa kuti cikondweretse maso. M'cithunzi mvula siidontha, ciswe sicidya mitengo ya denga, ndipo simenti siikwera mtengo. Ngozi ndi yakuti wojambula angayambe kusankha makoma a magalasi cifukwa amawala bwino pa kompyuta, kuiwala kuti m'mwezi wa October okhalamo adzaphikidwa ndi kutentha.

Tsono tsiku lina akadzakuonetsani cithunzi ca holo kapena sukulu yatsopano, musaombe m'manja msanga. Funsani: mphepo idzalowera pati? Madzi a mvula adzapita kuti? Wa njinga ya olumala adzakwera bwanji? Zidzadya ndalama zingati? Ndipo inu amene mukufuna nchito imeneyi, phunzirani kompyuta, koma masamu ndi miyeso musazitaye. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.