Nsanja Ziwiri za Nyali ku Cape Point

Alendo ambiri opita ku Cape Point, kumwera kwa Cape Town, amakwera phiri kukajambulitsa pansanja yakale ya nyali, ija inayamba kuwala mu 1860. N'zoona, njokongola, ndipo ukaima pamenepo umaona nyanja mpaka pomwe maso alekezera. Komabe pa nsanja ziwiri zimene zili pamalopo, yomangidwa mwaluso si imeneyo.

Omanga ake ankaganiza kuti nyali ikakwezeka kwambiri ndiye kuti iziwoneka patali. Anaiika mamita opitirira 200 pamwamba pa nyanja, penipeni pomwe mitambo ndi nkhungu zimakonda kukuta. Usiku womwe amalinyero ankaifunitsitsa ndi womwe inkabisika. Mu Epulo 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania, osati ija inamizidwa pankhondo mu 1915, inagunda thanthwe la Bellows Rock n'kumira.

Nsanja yatsopano inayatsidwa mu 1919, m'munsi, mamita 87 okha kuchokera pamadzi. Njaifupi, yamiyala, yopanda zokometsera. Chimene chimandigwira mtima ndi malo amene anaisankhira. Nkhungu ikakuta pamwamba, iyo nthawi zambiri imawala pansi pake. Komanso sitima yochokera kumadzulo siiona nyaliyo kufikira itatsika chakumwera mokwanira kulambalala matanthwe; phiri lomwelo ndi limene limaitchinga. Nyali yakale inkaonekera msanga, woyendetsa sitima n'kukhota nthawi isanakwane. Mmisiri wa nsanja yatsopanoyi anamvetsa kuti kuwala koonekera pamalo olakwika kumasocheretsa, ndipo analolera kuti nsanja yake isaoneke kwa ena kuti apulumuke.

Kaphanimidwe kakenso n'kadongosolo: katatu pa masekondi 30 alionse. Nsanja iliyonse m'gombemo ili ndi kaphanimidwe kakekake, monga momwe womva amadziwira gule pa kaliridwe ka ng'oma asanaone ovina. Wamalinyero amawerenga kuphanimako, n'kuyang'ana pamapu, n'kudziwa pomwe ali. Masana amadalira mtundu, n'chifukwa chake ya ku Cape Agulhas, ya mu 1849, inapakidwa mizere yofiira ndi yoyera.

Zimandipweteka kuti kangolo konyamula alendo, kotchedwa Flying Dutchman, kamakathera kufupi ndi nsanja yakale, ndipo ambiri amabwerera pomwepo. Pali kanjira kopapatiza kodutsa m'mbali mwa phompho komwe kamafikitsa munthu poonera yatsopanoyo. Ndi ulendo waufupi wapansi, ndipo amene wafika kale pamwamba sayenera kutsika asanauyende.