Diso la pamfuti yogonetsa nyama

Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali Lilongwe Wildlife Centre. Madokotala a nyama a kumeneko, pogwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amanyamula mfuti yoponya jakisoni wogonetsa nyama. Amakaombola nayo njovu kapena fisi wokodwa mumsampha wa waya. Luso lawo ndimalilemekeza, makamaka posankha galasi loonera patali lomangirira pamwamba pa mfutiyo.

Mlenje wosadziwa amathamangira galasi lokuza zinthu kwambiri. Katswiri sachita choncho. Jakisoni ndi wolemera, amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi chipolopolo, ndipo amagwa msanga. Motero woombera amayandikira nyamayo, ndipo amafuna galasi lomuonetsa thupi lonse pamodzi ndi tchire loizungulira, kuti alase pa mnofu wa ntchafu, osati pamimba kapena pafupa, komanso aone ngati mwana wa nyamayo ali pafupi. Galasilo liziwala bwino m'bandakucha, lisachite nthunzi m'kati nthawi ya dzinja, ndipo lisasunthe ngakhale galimoto itagwedezeka tsiku lonse pa msewu wamabampu. Asananyamuke amayamba waliyesa pa chandamale, chifukwa kuphonya pang'ono kutha kuvulaza nyama imene wapita kukaipulumutsa.

Kugonetsa nyama mosamala n'kumene kunatheketsa kusamutsira njovu pafupifupi 500 ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Akatswiri otere ngofunika kuwasamalira, ndipo achinyamata athu aphunzire kwa iwo.