Tebulo la Ming, litembenuzeni kaye

Thabwa limafufuma kukakhala chinyezi, kukauma n'kubwerera. Amisiri a ku Suzhou ku China, chakumapeto kwa ufumu wa Ming (1368-1644), ankalidziwa khalidweli, ndipo luso lawo lonse lagona pamenepo. Thabwa la pamwamba pa tebulo sankalikhomera misomali. Ankalilowetsa m'ngalande yosemedwa m'kati mwa chimango cha mitengo inayi, kuti lizitha kusuntha pang'ono popanda kung'aluka. Kunsi kwake ankapingasa timitanda tolowa m'thabwamo, topanikiza kuti lisapindike. Miyendo nayo imalumana ndi chimango, mano kulowa m'mabowo ake, moti mmisiri wodziwa amatha kuliphwasula tebulo lonse n'kulimanganso.

Izi zinatheka chifukwa cha mitengo yake. Mu 1567 boma linafewetsa lamulo loletsa malonda a panyanja, matabwa olimba ochokera kunja n'kuchuluka. Mwa mitengoyi, huanghuali ndi wofiirira ngati uchi, pomwe zitan ndi woderako kwambiri ndiponso wolemera moti amamira m'madzi. Zitan ndi wa mtundu umodzi ndi mlombwa komanso mukula, mtengo womwe wadulidwa kwambiri ku Zambia n'kupita ku China. Mtengo wolimba chotere umalola mwendo wowonda kusenza katundu wolemera, ndiye tebulo limaoneka lopepuka, lopanda zokongoletsa zambiri. Kwa ine kudziletsa kumeneku ndiye kukongola kwake. Matebulo ambiri a m'zaka za m'ma 1700, odzaza zinjoka zosema, amatopetsa maso.

Povuta ndi pa zaka. Amisiri sankalemba mayina awo, ndipo tebulo lokhala ndi deti n'losowa. Kapangidwe ka Ming kanapitirira mu ufumu wotsatira wa Qing, choncho kungoona maonekedwe n'kunena kuti "la Ming" n'kuthamanga. Akatswiri, monga Wang Shixiang amene anatulutsa buku la mipando ya Ming mu 1985, ankafunsa amisiri achikulire a ku Beijing ndi kuyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku akale. Timipando tating'ono topezeka m'manda a Pan Yunzheng ku Shanghai, yemwe anamwalira mu 1589, timathandizanso chifukwa chaka chake n'chodziwika.

Komabe umboni weniweni uli kunsi: mikwasa ya zida za manja, utoto wakale wong'aluka, miyendo yodyeka ndi chinyezi cha pansi, mwina yodulidwa n'kuwonjezeredwa. Alipo matebulo olumikizidwa kuchokera ku zidutswa za mipando yakale yosiyanasiyana, matabwa ake akale ndithu koma tebulolo ladzana. Mukapeza tebulo la Ming kumalo osungirako zinthu zakale, weramani muone kunsi musanakhulupirire chikwangwani.