Mneni Wolowa pa Malire: Kuunika Mawu Oti "Kuwasha"

M'boma la Mchinji, makamaka m'midzi yoyandikana ndi chipata cha Mwami, si chachilendo kumva mayi akunena kuti akupita kudambo kukawasha. Mneni ameneyu ndi wofala m'Chinyanja cha ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo amadutsa malire pamodzi ndi amalonda, achibale ndiponso nyimbo za pawailesi. Okonda chiyankhulo ena amamuona ngati namsongole m'munda wa Chichewa. Ena amati kubwereka kotere ndi umboni woti Chingerezi n'cholemera kuposa Chichewa. Maganizo onse awiriwa ndi ofunika kuwayesa pa mbiri ya mawuwo.

Tsinde la "kuwasha" ndi mneni wa Chingerezi woti "wash". Zaka 1,000 zapitazo Angerezi ankamutchula kuti "wascan", ndipo akatswiri a ziyankhulo amati gwero lake ndi limodzi ndi la "water", dzina la madzi. Abale ake alipo m'Chijeremani, "waschen", ndi m'Chidatchi, "wassen". Chochititsa chidwi n'chakuti nthawi imeneyo mneniyu ankanena makamaka za zovala. Ponena za thupi ndi ziwiya, Angerezi anali ndi mneni wina, "thwean", amene pambuyo pake adafa. Komabe muzu wake sudatheretu: udadzera m'Chifalansa n'kubala dzina loti "towel", limene Achewa adalisandutsa thawulo. Atafa mnzakeyo, "wash" adasenza yekha katundu yense. Lero Mngerezi amagwiritsa ntchito mneni yemweyo pa nkhope, pa mbale, pa malaya, ngakhalenso pa mafunde okokolola gombe.

Chichewa sichidayende njira imeneyo, pakuti ntchito iliyonse ya madzi chidaipatsa mwini wake. Thupi amasamba, ndipo mwana kapena wodwala amamusambitsa. Nkhope ya munthu wongodzuka amasukusula. Mbale, miphika, zipatso ndi chilonda amatsuka. Zovala amachapa, kenaka n'kuzitsukuluza kuti thovu lichoke. M'kamwa amachukucha. Mwana wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua atanena kuti wachapa mbale kapena watsuka malaya, agogo ake angamuwongolere pompo. Tsono pa nkhani ya madzi, chiyankhulo chokhala ndi aneni osiyanitsa bwino ntchito ndi Chichewa, ndipo onena kuti n'chosauka sadachisanthule mokwanira.

Aneni amenewa amanyamulanso mwambo. "Kusamba", amene amapezekanso m'Chibemba, ndi mneni wakale wa ziyankhulo za Chibantu. Akuluakulu amamugwiritsa ntchito mwaulemu ponena za nyengo ya mwezi ndi mwezi ya amayi. Kusambitsa maliro ndi ulemu wotsiriza kwa womwalira. Kusamba m'manja, kuwonjezera pa mwambo wa pa nsima, kumatanthauza kuchotsamo dzanja pa nkhani yovuta, monga adachitira Pilato m'nkhani yodziwika kwa owerenga Buku Lopatulika la 1922.

Nanga mlendo uja adapeza malo otani pakati pa eni mudzi? Womvetsera mwatcheru adzaona kuti "kuwasha" amakhudza kwambiri zovala. Wonena kuti akukawasha amanenabe kuti wasamba ndipo watsuka mbale. Zoterezi zidachitikanso m'Chizulu, momwe "ukuwasha" ndi ntchito ya zovala pamene thupi lili ndi mneni wake, "ukugeza". M'zaka za m'ma 1890, amuna Achizulu ochapa zovala za Azungu ku Johannesburg ankadziwika ndi dzina loti AmaWasha. Izi zikusonyeza kuti mneniyu adalowa m'ziyankhulo za kuno kudzera pa khomo la ntchito yolipidwa ya m'tauni. Mosadziwa, anthu a kuno adamubwezera pa ntchito yake ya makedzana, ya zovala. Motero omutcha namsongole akukokomeza, pakuti iye akupikisana ndi "kuchapa" yekha.

Choopsa chenicheni chili m'kumasulira kwaulesi. Wophunzira amene amayamba waganiza m'Chingerezi amafuna mneni mmodzi wa Chichewa woti alowe paliponse pamene pali "wash", ndipo kawirikawiri amagwira "kutsuka" n'kumumwaza ponseponse. Cholakwa chotere sichithera m'chimangirizo cha mayeso. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, ndiponso mu 2022 ndi 2023, pamene kolera idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, moyo wa anthu udadalira malangizo omveka msanga: kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka zipatso ndi ziwiya, kuchapa zofunda za wodwala. Uthenga wolembedwa m'mawu achilendo m'khutu umachedwa kulowa mumtima, ndipo womvera amauyesa wa eni ake a kutali.

Mlembi wa Chichewa angathe kuika "kuwasha" m'kamwa mwa mtengambali wa pa Mwami, poti ndimo mmene anthu ena a kumeneko amayankhulira. Koma pofotokoza nkhani m'mawu akeake, ayenera kuyamba wafunsa chimene chikukhudzidwa ndi madziwo, kaya ndi thupi, nkhope, mbale kapena nsalu, kenaka n'kusankha mneni woyenera. Chingerezi chidataya "thwean" n'kutsala ndi thawulo lokha. Chichewa chikadali ndi aneni ake onse, ndipo adzakhalapobe ngati olemba apitiriza kuwasiyanitsa.