Nsalu ya masamba a cinanazi

Mlimi akakolola cinanazi, masamba amatsala m'munda. Ena amawatentha, ena amawasiya kuti aole. Mai Carmen Hijosa a ku Spain anaona cuma m'masamba amenewa.

Poyamba maiwa ankagwira nchito ya zikopa. M'zaka za m'ma 1990 anapita ku Philippines, ndipo anaona mmene mankhwala ofufutira zikopa amaonongera madzi ndi thanzi la anchito. Kumeneko anthu akhala akuomba nsalu ndi ulusi wa cinanazi kuyambira kale. Ali wamkulu kale, anakalowa sukulu ya Royal College of Art ku London. Mu 2014 anaonetsa nsalu yokhuthala ngati cikopa, yosokera nsapato ndi zikwama. Dzina lake ndi Piñatex.

Kapangidwe kake ndi kotere. Alimi amapala masamba ndi makina, natsuka ulusi, nauyanika padzuwa. Ulusiwo sauomba ai, amaupanikiza pamodzi mpaka ugwirane. Masamba pafupifupi 480 amatulutsa nsalu ya mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi.

Nzeru imeneyi ndi yoyamikika. Sifuna kuswa mphanje, kuthirira kapena feteleza woonjezera, cifukwa masamba alipo kale. Zotsalira zimabwerera kumunda ngati manyowa. Mlimi amagulitsa cipatso, nagulitsanso masamba.

Koma pali zolakwika ziwiri. Coyamba, kuti nsaluyo ilimbe, anaimata utomoni wocokera ku mafuta okumba pansi. Motero nsapato ikatha siolera yonse m'nthaka. Nsalu yoteteza dziko iyenera kubwerera kudothi kumene inacokera.

Caciwiri, nchito yotsiriza inkacitikira ku Ulaya, ndipo ogula anali makampani akuluakulu monga Hugo Boss ndi H&M. Njira imeneyi tikuidziwa. Kuyambira 1938 mpaka 1961 atsamunda anakakamiza makolo athu kulima thonje, koma lambiri linkapita kukaombedwa ku Portugal. Mlimi wa ku Philippines sanakakamizidwe, ndipo kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Komabe wopala ulusi amalandira zocepa poyerekeza ndi wogulitsa nsapato.

Mai Hijosa anatsegula njira yabwino, koma sanafike kumapeto kwake. Tikaona nsalu yatsopano tisangoyang'ana kukongola. Tifunse kuti idzaola bwanji, ndipo phindu lake adya ndani.

Tikambirane: kodi m'minda mwathu timataya ciani cimene cingatulutse ulusi? Nanga tingacisandutse bwanji katundu konkuno kumudzi?